Dzenje lakuda silikubwera kudzatimeza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe zimene ndinamva m'minibasi sabata yatha pochokera pa Chitakale kupita ku Limbe. Bambo wina, foni ili m'manja, ankaopseza anthu kuti dzenje lakuda, lija amati black hole, malo a m'mlengalenga okoka chilichonse chofika pafupi ngakhale kuwala kumene, likubwera kudzameza dziko. Mayi wina amene anali ndi dengu la nanazi mpaka anayamba kupemphera. Ine ndinangoti duu, koma nkhaniyi yandikhala pamtima.

Dzenjelo lilipodi, pakatikati pa mlalang'amba wathu, uja timauona utayera ngati ufa wotayika usiku magetsi akazima. Dzina lake ndi Sagittarius A*, ndipo chithunzi chake chinatuluka mu 2022. Limalemera ngati madzuwa 4 miliyoni, koma lili kutali moti kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 26,000 kuti kutipeze. Komanso lathuli ndi laulesi, limangodya motola.

Chimene chimandikoka mtima ine n'china. Mlalang'amba ngati wathuwu uli ngati lichero lokhala ndi mulu wa ufa pakati, muluwo ndi nyenyezi zothithikana. Akatswiri anapeza kuti kumene muluwo ndi waukulu, dzenje lobisala m'kati mwake nalonso limakhala lalikulu. Ndipo milalang'amba yambiri ya mulu waukulu inaleka kubereka nyenyezi zatsopano, yangotsala ndi nyenyezi zokalamba zofiirira.

Ife a kuno ku Mulanje tisavutike kumvetsa. Chiperoni chikafika, nkhungu imaunjikana paphiri mpaka Sapitwa osaoneka, koma dzuwa likangoswa, yabalalika. Nyenyezi nazo zimabadwa mpweya wa haidrojeni ukazizira kwambiri n'kuunjikana. Tsono dzenje likayamba kudya mwaumbombo, zimene likumezazo zimatentha koopsa zisanalowe, zina n'kulavulidwa kutali. Zolavulidwazo zimatenthetsa mpweya uja kapena kuuthamangitsira kunja, basi nyenyezi zatsopano n'kusowa pobadwira. Taonani M87, mlalang'amba umene chithunzi cha dzenje lake chinatuluka mu 2019: dzenjelo limalemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni, likulavula mpaka lero, ndipo kumeneko kubereka kunatsala pang'ono kutheratu. Wathuwu ukuberekabe chaka ndi chaka.

Pempho langa, Akonzi, mutipatseko kakona ka sayansi m'Chichewa, ngakhale kamodzi pamwezi. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndikudziwa kuti amafunsa zakumwambazi, ife n'kumangowaloza kumabuku a Chingerezi. Mayi wa nanazi uja anatsika pa Bvumbwe mantha ake ali pomwepo, ndipo ndikudziimba mlandu kuti sindinatsegule pakamwa.

Mphunzitsi wopuma,
Chitakale, Mulanje