Ndiwauze bwanji amayi amene anandiphunzitsa kuyimba kuti mawu awo ayamba kuphonya?

Zikomo Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 38, ndimakhala mumzinda wa Blantyre ndipo ndimatsogolera kwaya pa mpingo wathu. Kuyambira Lamulungu lapitali tulo sindikutiona, ndipo ndikuopa kuti Lamulungu likubwerali lindipeza mutu usanagwirebe.

M'kwaya mwathu tilimo anthu 26. Mwa ife muli mayi ena a zaka 71 omwe ayimba soprano pa mpingo uno zaka zoposa 40. Amayi anga ondibereka atamwalira ine ndili ndi zaka 11, mayi amenewa ndiwo ankandigwira dzanja kupita nane ku Sande sukulu. Do-re-mi ndinaphunzira kwa iwo, akulemba ndi choko pa chitseko cha kalasi, ine ndikulondola ndi chala. Yunifolomu yanga yoyamba ya kwaya anasoka okha pa makina awo osandilipiritsa. Ndimawaitana kuti amayi, iwo amati mwana wanga, ndipo pa ukwati wanga anakhala pampando wa kholo.

Kwa chaka tsopano mawu awo akuphonya. Nyimbo amaiyamba bwinobwino, koma ikamafika ndime yachiwiri amatsika pang'onopang'ono, uku akukweza mawu kuposa aliyense. Oyimba adziwa kuti soprano ndiye amanyamula nyimbo. Iye akatsika, alito amamutsata, tena ndi besi n'kusowa pogwira, woyimba kiyibodi n'kutsala yekha m'mwamba.

Lamulungu lija linali la Mgonero, tchalitchi chinadzaza mpaka ena kukhala panja. Amayi a Mvano anali atavala zoyera zawo, akulu a mpingo atakhala kutsogolo. Titaitanidwa kuti tiyimbe ulaliki usanayambe, ndinakweza dzanja, koma ndisanalitsitse amayi aja anali atayamba kale, okhaokha, pa kiyi ina. Theka la kwaya linawatsata, theka linatsata kiyibodi. Mnyamata wa pa kiyibodi anangochotsa manja. Ndinamva ana akusekera m'zikhatho kumbuyo uko, ndipo ndinaona abusa atazyolika. Nyimboyo tinaimaliza, koma Mgonero ndinalandira mtima uli phaphapha, osamva ngakhale mawu amodzi a pemphero.

Chomwe chandipweteka kwambiri chinachitika masana. Pulakatisi yathu imayamba 2 koloko mpaka 5 koloko m'kalasi ya Sande sukulu. Tisanatsegule ndi pemphero, mtsikana wina wa soprano ananena mokweza kuti ena akutichititsa manyazi, kuli bwino azikayimba kumaliro basi. Ananena ataima pafupi nawo, mwina mapazi atatu okha. M'kalasimo munangoti zii. Ine ndinayang'ana amayi aja ndikuyembekeza misozi, koma iwo anali akumwetulira, akumasula kansalu komwe anakulungamo zitumbuwa zoti tigawane. Sanamve chilichonse. Apo m'pamene ndinazindikira kuti vuto silili pakhosi, lili m'makutu. Ndinakumbukira kuti masiku ano ukawayankhula amayang'ana pakamwa, ndipo ukawaitana ali chakumbuyo satembenuka. Munthu akamakula, mawu ang'onoang'ono okwera ndi amene amayamba kumuthawa, ndipo pagulu zimamuvuta kusiyanitsa mawu a anzake. Woyimba wosadzimva yekha angadziwe bwanji kuti watsika?

Tsono mwezi wamawa tikupita ku situdiyo kukajambula nyimbo zathu koyamba. Takhala tikusonkha kwa miyezi yambiri, tinachitanso pepa Sande, ndipo kwacha itagwa mu Novembala 2023 tinachita kuyambiranso kuwerengera. Woyamba kumaliza kusonkha anali iwowo, ndi ndalama za zitumbuwa zomwezo. Ku situdiyo maikolofoni sabisa kanthu. Achinyamata asanu andiuza maso ndi maso kuti amayiwo akapita, iwo sapita. Ena akuti tingowabisira tsiku. Wina wati apite, koma tikamunong'oneze wojambula kuti maikolofoni yawo aithimitse, aziyimba osadziwa. Nzeru imeneyi ndaikana. Nyimbo yotamanda Mulungu yojambulidwa pa bodza, ine sindingaimvetsere pa wailesi mtima uli m'malo.

Komatu achinyamatawo sindikuwaweruza. Amasiya zambiri kuti abwere ku pulakatisi, ena amayenda pansi kuchokera kutali posowa ya minibasi, ndipo chomwe akufuna n'chakuti ntchito yawo imveke bwino. Salimo 33 limatiuza kuti tiyimbire Mulungu mwaluso. Koma Salimo 71 lilinso m'Baibulo lomwelo, pomwe wokalamba akupempha kuti asatayidwe mphamvu zake zikatha. Ndawerenga masalimo onse awiri sabata ino ndipo lililonse likundiloza chala.

Mtsikana uja anatchula maliro ngati malo otayirako munthu. Iye sanaone zomwe ndinaona ine. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, tinayimba m'masiwa masiku otsatizana. Ife achinyamata mawu ankatha pakati pausiku, mabuku a nyimbo atanyowa, magetsi kulibe. Amene ankatigwira mpaka tambala kulira anali amayi amenewa, nyimbo zonse pamtima, ndime ndi ndime. Anamfedwa ankatonthola akamva mawu awo.

Ndayesapo njira ziwiri. Ndinawasamutsira mzere wakumbuyo, koma anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, ndalakwanji?" Ndinawanamiza kuti ndikusanja anthu potengera kutalika, ndipo bodza limenelo likundiwawabe. Ndinapitanso kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu, koma anangoti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndizingopemphera. Kupemphera ndikupemphera, koma tsiku la situdiyo likuyandikira. Mkazi wanga akuti ndikalankhule ndi mwana wawo wamkazi kuti awatengere ku chipatala cha Queens, komwe kuli mbali yoona za makutu, mwina angathandizidwe ndi timakina tothandiza kumva. Maganizowa ndi abwino, koma ndikuopa kuti akadzamva kuti nkhani inachokera kwa ine n'kudutsa mwa wina, adzati mwana yemwe anamulera anawachitira miseche. Amuna awo anamwalira kalekale, ana ali kwawo. Lamulungu ndi tsiku lomwe amaliyembekeza sabata yonse, ndipo yunifolomu amasita Lachisanu.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndi malo anga, ine mwana, kukauza kholo nkhani yotere, kapena nditume abusa kaya amayi anzawo a Mvano? Ngati ndipite ndekha, ndiyambe ndi za makutu kapena za nyimbo, ndipo ndiyambe ndi mawu otani oti asamve ngati ndikuwathamangitsa? Nanga mtsikana uja ndimudzudzule pagulu, poti analankhula pagulu, kapena ndimuitanire pambali? Lamulungu likubwerali amayiwo adzafika oyamba monga mwa masiku onse, n'kusesa m'kalasi tisanabwere.

Ine wothedwa nzeru,
Mtsogoleri wa kwaya,
Blantyre.