Achimwene, za putter munafunsa zija

Mangochi

Wokondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tampere, ngakhale mukudandaula kuti mdima wayamba kugwa anthu asanaweruke kuntchito. Kuno tili bwino. Dzuwa la October ndiye mukulidziwa, usiku tikugona pakhonde, masana ngakhale mbuzi sizikuchoka patsinde pa mlambe. Mayi anu ndinakumana nawo Lachisanu pamsika akugula usipa, ali bwino ndithu, angoti muziwaimbira pafupipafupi.

Chithunzi munatumiza pa WhatsApp chija ndinachiona. Khoma lonse la sitolo zimbale za disc golf zokhazokha, masewera athu aja oponya zimbale m'dengu la matcheni, inu mwaima pakati ngati mwana wotayika pa depoti, pansi pake mwalemba kuti "ndigule iti?" Ndinayamba kuyankha pafoni pomwepo koma ndinaona kuti nkhaniyi siingakwane m'mizere iwiri, ndiye ndakhala pansi kuti ndikufotokozereni bwinobwino musanawononge ndalama zanu.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu. Pa zimbale zitatu munatitumizira chaka chatha, driver ija, yoponya patali, ili pansi pa Shire. Inapita yokha m'bango kumunsi kwa mlatho, ndipo palibe anayerekeza kuilondola, inu mukudziwa eni ake a pamenepo. Midrange, ya mtunda wapakati, ilipo, ili bwino. Putter, yolowetsera m'dengu uli pafupi, ndiye ndinailakwira ndine. Ndinaisiya pa mpando wa njinga yamoto masana onse, pamwamba pake n'kusanjikapo chikwama cha mabuku. Pofika madzulo inali itapindika ngati chipewa chokhalidwa. Ndinaiviika m'madzi otentha, n'kuiika pa tebulo ndi kuitsamiza ndi poto wodzaza madzi mpaka kutacha. Inawongoka pang'ono, koma mpaka lero ikamauluka imagwedeza mutu ngati ikukana.

Koma ndisanamizire dzuwa lokha. Putter ija inali ya pulasitiki yofewa, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake munaisankha. Kwanuko kozizira, yofewa imagwirika bwino m'manja ndipo ikagunda matcheni imakakamira m'malo modumpha. Kuno ikangofika 10 koloko m'mawa imalobodoka ngati chigumu chosapsa. Ukaigwira m'mphepete, mbali inayo imagwa, ndiye poponya sudziwa kuti ichoka m'manja itapendekera kuti. Choyamba ndi chimenecho: ya ku Mangochi ikhale youma gwa. Kutentha kwa kuno kudzaifewetsa kokha mpaka pamene ikufunika.

Musasokoneze youma ndi yonyezimira. Pali mapulasitiki okwera mtengo aja, monga Champion ndi Star a kampani ya Innova, osalala, olimba zaka. Amenewo ndi abwino pa chimbale choponya patali chimene chimagunda mitengo ndi miyala tsiku lililonse. Pa putter yolowetsera m'dengu, m'manja muli thukuta, amaterera ngati mlamba. Ndikufuna pulasitiki wamba, yotchipa ija, yokhala ngati yothira choko ukaisisita ndi chala. A Innova amaitcha DX, a Latitude 64 a ku Sweden ali ndi Zero imene imabwera yofewa, yapakati ndi youma. Imakalika msanga, inde, koma ikatuluka timinga m'mphepete ndimangoipukuta pang'ono ndi sandipepa. Ndipo putter yokalambayo ndi imene imauluka mowongoka kuposa yatsopano.

Dengu lathu simunalione. Tinapita kwa wowotcherera wina pa Boma, tinamuonetsa chithunzi pafoni, iye n'kuseka kuti tikufuna msampha wa mbalame. Pamwamba anaika rimu ya njinga, pakati paipi, pansi theka la mgolo umene anauboola kuti madzi asamadikhe. Matcheni tinakwanitsa 12 okha, pamene madengu a mipikisano amakhala ndi 24 kapena kuposerapo, ndiye ukaponya mwaukali chimbale chimangodutsa pakati n'kukagwa kuseri. Tisanakhale ndi dengulo tinkalasa thunthu la mgwalangwa, ndipo tsiku lililonse kunali mkangano, wina ati chakhudza, wina ati chadutsa. Ndinaseka nditawerenga kuti ku America nako anayamba chimodzimodzi. Bwalo loyamba lokhazikika, la ku Oak Grove ku California mu 1975, anthu ankalasa mapolo wamba, mpaka Ed Headrick, yemweyo amene anayambitsa PDGA, bungwe loyang'anira masewerawa, mu 1976, anabwera ndi dengu la matcheni limene analembetsa mu 1977. Ndiye kuti mkangano wathu wa pa mgwalangwa unali wochedwa chabe ndi zaka makumi anayi ndi mphambu.

Tsopano manambala anayi olembedwa pa zimbale aja amene akukuzunguzani mutu. Yoyamba ndi liwiro, kutanthauza mphamvu imene chimbale chimafuna kuti chiuluke monga anachipangira; ma putter amakhala pa 1 mpaka 4, pamene ma driver amafika 14. Yachiwiri ndi mmene chimayandamira m'mwamba chisanagwe. Yachitatu ndi mmene chimapatukira kumanja chikangochoka mwamphamvu, kwa munthu woponya ndi dzanja lamanja mwachizolowezi. Yachinayi ndi mmene chimakhotera kumanzere chikayamba kutopa. Aviar ya Innova, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1984, ndi 2, 3, 0, 1. Judge ya Dynamic Discs ndi 2, 4, 0, 1. Luna ya Discraft ndi 3, 3, 0, 3.

Mwawerenga? Tsopano aiwaleni kaye. Kampani iliyonse imadzilembera yokha manambala ake, palibe sikelo imodzi imene onse amayezera. Ndipo ukaima pa mamita asanu kapena asanu ndi awiri kuchokera pa dengu, chimbale sichikhala m'mwamba nthawi yoti chionetse khalidwe lake lonse. Chafika kale. Mkati mwa mamita 10 aja, mmene lamulo limati ukaponya usagwere kutsogolo usanaonetse kuti waima bwino, ma putter ambiri amauluka pafupifupi mofanana. Chimene chimasiyanitsa ndi mphindi imene chimbale chikuchoka pa zala. Nkhani yonse yagona pamenepo, m'dzanja.

Ndinaziona ndi maso mu July. Kunabwera mlendo wina wochokera ku Ulaya amene ankagona ku malo ena ogona alendo cha ku Nkopola. Anamva kwa anyamata a kabaza kuti pali anthu amene amaponya mbale pa mchenga, ndiye anatipeza ali ndi kachikwama ka zimbale zisanu ndi chimodzi. Anatilola kuzigwira zonse. Ndinatenga Judge, ndipo nthawi yomweyo chala changa cholozera chinamva kanthu kotukuka kunsi kwa mkombero, kamzere kozungulira kamene amati bead. Ntchito yake ndi yoteteza mkombero kuti usadyeke msanga, chimbale chizisunga kaulukidwe kake nthawi yaitali. Ine ndinaponya kasanu, kasanu konse kamzereko kanakola chala, chimbale n'kuchoka chikunjenjemera kupita kumanja. Mnzathu mphunzitsi uja, wa zala zazitali, anaitenga, anagoneka chala chake pa kamzere komweko ngati pamene anapapangira iye, analowetsa zinayi motsatizana. Mpaka lero amailota. Chimbale chimodzimodzi, dengu limodzimodzi, mphepo imodzimodzi. Kwa iye mankhwala, kwa ine poizoni.

China chimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi kuya kwa chimbale. Ena ndi akuya ngati mbale ya ndiwo, ena ndi osaya ngati sosala. Mlendoyo anali ndi P2 ya Discmania, kampani ya kwanuko ku Finland. Manambala ake ndi ofanana ndi a Aviar, ilibe bead, koma m'dzanja langa inadzaza kwambiri, zala zinamira mkati ndipo zimachedwa kutuluka. Pure ya Latitude 64 ndiyo inali yosaya, inachoka yokha ngati sindinaigwire n'komwe. Ndinaikonda, kungoti tsikulo kunali mphepo ndipo inkandithawira kumanja ndikaponya patali pang'ono.

Apa ndi pamene ndikufuna mundithandize. Mukukumbuka kusukulu tinkabwerekana magolovesi a ugoloboyi, amakukwanani ndendende monga amandikwanira ine? Ndiye kuti dzanja lanu ndi langa. Musafunse wogulitsa kuti yabwino ndi iti, adzakupatsani imene iye amaikonda. Tengani Aviar wamba wopanda bead, samalani chifukwa ya KC Pro ija ili nayo, mutengenso Pure youma. Chala chachikulu pamwamba, cholozera chigone m'mphepete mwa mkombero, zinazo zitambasuke pansi. Tsinzinani. Ngati pali pena pakukukolani kapena mukufuna kusuntha zala kuti zipeze malo, ibwezeni. Imene mwaigwira n'kuiwala kuti mwagwira kanthu, ndi yomweyo. Ngati m'sitolomo muli dengu loyesera, ponyani kakhumi osachita manyazi.

Za kulemera ndisataye nthawi: pakati pa magalamu 173 ndi 175, amalemba kunsi kwa chimbale. Chifukwa chake ndi mwera. Kuyambira June mpaka August ukamawomba, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ife timangoti tiyese mwayi. Ukaponya moyang'anana ndi mwera, mphepo imalowa pansi pa chimbale n'kuchinyamula, chimadutsa pamwamba pa dengu ngati khwangwala. Ukaupatsa msana, umachikanikiza pansi, chimagunda mgolo n'kulira ngo! Chopepuka ndiye chimangotengedwa ngati tsamba. Cholemera chimalimbikirako. Koma mukapeza chimodzi cha magalamu 150 chotchipa, ngakhale chogwiritsidwa kale ntchito, tengerani ana. Pali kamtsikana ka Sitandade 6 kamene kamatidikira pa dengu tsiku lililonse, dzanja lake ndi lowongoka kuposa tonsefe, kungoti zolemerazi zimakagwera panjira.

Anyamata andituma kuti ndikuuzeni mugule putter ina yotchedwa Envy. Ine ndauza inu, koma musagule. Anaonera pa YouTube zimene James Conrad anachita pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 2021 ku Ogden, Utah, pamene pa dengu lomaliza analowetsa kuchokera pa mamita pafupifupi 75, n'kufanana zigoli ndi Paul McBeth, kenaka n'kumugonjetsa pobwereza. Chimbale chimene anaponya chinali Envy, ndiye kwa iwo ufiti wonse uli m'chimbalemo. Kanemayo taionera kambirimbiri mpaka bandulo kutha, ndipo nanenso tsitsi limandiimabe matcheni akalira. Koma Envy anthu ambiri amaikonda poponya patali, ndipo vuto lathu sitili pa mamita 75. Tikuphonya pa mamita anayi, Achimwene, anayi! N'chimodzimodzi ndi zolembedwa dzina la katswiri pamwamba: mumalipira siginecha. Tidzaganiza za putter yoponya patali chaka chamawa, ya pulasitiki yolimba ija, tikayamba kulowetsa zapafupizi.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi: musagule mitundu iwiri yosiyana poganiza kuti mukutikomera mtima. Gulani ziwiri zofanana, mtundu umodzi, pulasitiki imodzi, kulemera kumodzi. Thumba likalola, zitatu. Ndi putter imodzi, ndimaponya, n'kuyenda kukatola, n'kubwerera, pofika pamzere dzanja laiwala kale chimene linalakwitsa. Ndi ziwiri kapena zitatu zofanana, yoyamba ikatsika kwambiri yachiwiri umakweza pang'ono pomwepo, dzanja likadakumbuka. Zikakhala zosiyana ndiye sudziwa ngati walakwa ndiwe kapena chimbale, ndipo munthu amakonda kunamizira chimbale. Ndadzionera ndekha ndi yopindika ija: miyezi itatu tsopano chilichonse ndikaphonya ndimati ndi dzuwa.

Mtundu wake ukhale wowala, pinki kapena olenji. Yoyera imasowa pa mchenga masana, yobiriwira idzatisowa mvula ikagwa udzu n'kumera, ya buluu ana adzaitengera kunyanja kukayesa ngati imayandama. Siiyandama. Tinayesa kale.

Mwati mlongo wa mnzanu uja akubwera pa Khirisimasi kudzera ku Chileka. Mumupatse iyeyo, positi ingatidikiritse mpaka mwera wina. Muziike chogona pakati pa zovala, osati m'thumba la m'mbali mwa sutikesi mmene zingapanikizike, ndipo mumuuze kuti mu minibasi yobwera kuno asaziike pafupi ndi injini kapena pa windo. Ndidzakamuchingamira ndekha pa siteji. Pobwerera ndidzamupatsira tsabola wa kambuzi wouma ndi ufa woyera pang'ono monga munapempha. Chambo ndiye iwalani, angakamuvutitse nacho pa bwalo la ndege.

Mukasankha, jambulani kunsi kwake ndione kulemera musanalipire. Moni kwa alamu.

Ndine wanu,
Mnzanu wa pa mgwalangwa