Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya malo a ku Santhe

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga muli bwino ku Lilongweko. Ife kuno tilipo, kupatula bondo la amayi ako limene limavuta kukazizira. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani ya malo ndi yolemera, ndipo pa foni timalankhula mothamangitsana ndi mayunitsi, mawu ena n'kumatayika panjira.

Ndamva zonse zimene unandiuza Lamulungu lapitali: kuti dobadoba wakupezera munthu wofuna esiteti yathu ya ku Santhe, kuti munthuyo ali ndi ndalama m'manja, kuti akufuna zonse zithe pasanathe sabata ziwiri, ndiponso kuti mtengo umene watchula ndi theka la umene tinagwirizana chaka chatha pamene tinayamba kuuza anthu kuti malowo tikugulitsa. Chifukwa chako ndachimvanso ndipo sindikuchipeputsa, pakuti nyumba yako yaima pa lintala zaka ziwiri tsopano, lendi ikukudya mwezi ndi mwezi, pomwe mahekitala 12 angokhala tsala lomera tsekera. Kugulitsako sindikukana. Chimene ndikukana n'chakuti wogula atiikire tsiku, atiikirenso mtengo, ife n'kungotambasula manja.

Uyenera kudziwa mmene malowa anabwerera m'manja mwathu, chifukwa mbiri yake ndiyo ikulongosola kuzizira kwa msika kumene ukudandaulako. Pa nthawi ya Kamuzu, lamulo la mbewu zapadera silinkalola mlimi wamba wa m'mudzi kulima fodya wa bale. Wofuna kulima fodyayo ndi kukagulitsa ku okushoni ankayenera kukhala ndi esiteti, choncho ambiri a ife ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Dowa tinapita kwa mafumu, tinapempha chilolezo, n'kusandutsa minda ya makolo kukhala malo a lizi, obwereka ku boma kwa zaka zowerengeka. Ine ndinatero mu 1987, ndipo anandipatsa lizi ya zaka 21 monga ankachitira ndi maesiteti ang'onoang'ono ambiri. Kunena zoona, chimene tinkathamangira sichinali dothi koma kota ya fodya, chilolezo cha mlingo wa fodya woti tilime ndi kugulitsa, imene inkabwera ndi pepalalo. Boma litayamba kulola alimi a m'midzi kulima bale kuyambira cha m'ma 1990, pepala lathu linataya mphamvu imene linali nayo, matenanti anabwerera kwawo, zigafa zinagwa, ndipo maesiteti ochuluka anasanduka tchire ngati yathuyi. Lero ogulitsa malo otere ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ngati iwe amene makolo awo anakalamba kapena anatisiya.

Tsono taganizira za amene angagule. Munthu wa m'mudzi amaufuna munda, koma mphamvu yake imathera pa ekala imodzi kapena ziwiri, ndipo ndalamayo amaiona kamodzi pa chaka akagulitsa fodya, soya kapena mtedza. Kampani yaikulu imafuna mahekitala mazanamazana, pafupi ndi madzi ndi msewu wa tara. Malo athu ali pakati: achulukira wa m'mudzi, achepera wa kampani. Amene atsala ndi anthu apantchito a m'tauni ofuna polimapo akadzapuma, koma iwowa akapita ku banki amakumana ndi chiwongoladzanja chokwera, ndiponso banki siithamangira kulandira munda wa kumudzi ngati chikole chifukwa ikudziwa kuti nayonso idzavutika kuugulitsa. Uwonjezerepo mtengo wa feteleza, umene umachititsa munthu kuwerengera kawiri asanadzisenzetse mahekitala 12. N'chifukwa chake chaka chatha chonse anthu ankabwera, n'kuyenda m'malire, n'kuyamikira dambo lija, kenako n'kungoti zii. Malowo alibe chilema. Ogula ake ndiwo ochepa ndipo amabwera mwa apo ndi apo.

Munthu wa ndalama m'manja uja zonsezi akuzidziwa bwino kuposa iwe ndi ine. Theka la mtengo limene akufuna kuti timusiyire ndi malipiro a kutopa kwathu, chifukwa iyeyo adzangodikira chaka kapena ziwiri zimene ife talephera kudikira, kapena adzadula malowo m'zigawo n'kugulitsa kwa anthu omwewo amene ife tawaona ngati osakwanitsa. Sindikumutcha wakuba, amenewo ndi malonda ake. Koma sabata ziwiri akunenazo si zake ayi, ndi chingwe chomangira iwe kuti usapeze mpata wofunsa kwina. Akadakhala kuti ali ndi malo ena abwino omudikira, sakadataya nthawi ndi ife. Za dobadoba nazonso uzimvetse: iye amadya pokhapokha malonda atheka, kaya pa mtengo wabwino kaya woipa, choncho mawu ake onse amaloza ku kusaina. Umufunse poyera kuti akuimira ndani, chifukwa ena amalandira kwa wogulitsa ndi kwa wogula yemwe, ndipo gawo lake lilembedwe pa pepala malonda asanayambe.

Nyengo imene wasankha wogulayo si yangozinso. Uno ndi Januwale, nkhokwe zapepuka, fizi ya sukulu yangolipiridwa kumene, msewu wolowera ku esiteti ndi matope okhaokha, ndipo palibe mlimi wa kuno amene ali ndi ndalama yogulira ngakhale mbuzi. Wogulitsa munda mwezi uno amapikisana ndi anthu amene akugulitsa chifukwa cha njala. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kuyambira pamenepo mpaka mu Ogasiti ndalama za ku misika ya fodya ya ku Chinkhoma ndi ku Kanengo zimazungulira m'boma lino, soya ndi mtedza nazonso n'kuwonjezera. Imeneyo ndiyo nthawi yoonetsa malo, udzu utapsa, galimoto ikutha kufika mpaka pa chitsime. Kudikira miyezi inayi kapena isanu si kanthu kwa nthaka imene yatidikira zaka zonsezi.

Miyezi imeneyi tisangokhala, chifukwa mbali ina ya kutsika kwa mtengo ndi mlandu wathu. Lizi yoyamba inatha mu 2008 ndipo ndinaikonzetsanso, zimene anzanga ambiri sanachite, koma lendi ya malo ya ku boma sindinalipire zaka zingapo zapitazi, ndipo ichi ndikuvomera. Upite ku ofesi ya a malo ya chigawo chapakati ku Lilongwe komweko, ukaone faelo yathu, ukadziwe ngongoleyo ndi zaka zimene zatsala pa lizi, chifukwa wogula wanzeru amagula zaka zotsalazo, osati dothi lokha. Lizi siisamuka kuchoka pa dzina lina kupita pa lina popanda chilolezo cha unduna wa za malo, ndipo a MRA, otolera misonkho, nawonso amafuna kupereka chikalata chosonyeza kuti za msonkho zili m'malo mwake. Zimenezi sizitha m'sabata ziwiri, choncho wolonjeza kumaliza zonse m'masiku amenewo ndiye kuti akufuna kulumpha china chake, ndipo cholumphidwacho chidzatsalira pa dzina langa. Udziwenso kuti malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa kwambiri za kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino, kotero uonetsetse kuti amene akulipira ndi yemweyo amene dzina lake lilowe pa chikalata.

Nkhani ya malire ndiyo ikundisowetsa tulo kuposa mapepala. Mabikoni awiri osonyeza malire a kummwera anazulidwa kalekale, ndipo mabanja atatu a m'mudzi woyandikana nafe akhala akulima m'mphepete mwa dambo kwa zaka zingapo. Ndinawalekerera dala, chifukwa pamene ndinkatenga lizi dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni, pomwe kalembera wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni, ndipo n'kovuta kuthamangitsa munthu wanjala pa munda umene iwe mwini sukuulima. Koma wogula sadzawamvera chisoni ngati ine, ndipo tikagulitsa mwakachetechete, tsiku limene adzabwere ndi waya ndi mizati, mlandu udzafika pakhomo pathu pano, osati ku Lilongwe. Pakufunika saveya wovomerezeka adzabwezeretse mabikoniwo anthu onse akuona, ndipo tisanatero tikagwade kwa a nyakwawa ndi a gulupu. Pa lamulo, malo a lizi sali m'manja mwa mfumu, koma dothilo linachoka m'manja mwa mudzi ndi chilolezo chao, ndipo wogula akaona kuti mafumu akudziwa komanso oyandikana nafe alibe dandaulo, amasiya kuchotsera mtengo chifukwa cha mantha. Ngati kungafunike kuti kachigawo ka m'dambo kasiyidwe kwa mabanja aja, ine ndingakonde titaya kachigawoko kusiyana ndi kutaya mtendere wa kumene tidzaikidwe.

Alongo ako awiri uwauze wekha, asamvere kwa ine kapena kwa anthu. Lizi ili m'dzina langa, koma iwo anasoka fodya m'chigafa chija mofanana ndi iwe, ndipo gawo lao likhale lodziwika ndalama isanalowe. Amalume ako nawonso amve, ngakhale sasaina paliponse. Ndikufuna nkhaniyi ithe ndili moyo, chifukwa malo a munthu womwalira amafuna zikalata za ku khoti asanagulitsidwe, ndipo ndaona abale a bere limodzi akuleka kupatsana moni pa zaka zimene zikalatazo zikuyenda.

Likadzafika tsiku lolandira ndalama, usadzalole chikwama. Ngakhale ndi ma K5,000 amene anatuluka mu 2022, mtengo wa esiteti ndi mitolo yambiri yoti sungaiwerenge bwino pa bonati ya galimoto, ndipo ndalama zachinyengo zimabisala pakati pa mitolo yoteroyo. Komanso munthu amene wakupatsa chikwama amadziwa njira imene udutse nacho. Ndalama idutse ku banki, uione yakhazikika mu akaunti, ndipo pokhapo ndidzasaine. Loya akhale wako, wolipidwa ndi iwe, osati amene wabwera ndi wogula. Akadzanena zolipira pang'onopang'ono, pangano linene tsiku la gawo lililonse ndi chimene chidzachitike akalephera, ndipo asalowe m'munda kapena kutenga chikalata chenicheni cha lizi asanamalize. Mnzanga wina wa ku mpingo analandira gawo loyamba lokha, wogula analowa n'kudzala chimanga, ndipo zotsalazo wakhala akuzilondola mpaka lero ngati wopempha, pa munda wake womwe.

Chimene ndikufuna uchiganizire kwambiri n'chakuti ndalamayo ikagona kuti. Mu Epulo 2012 ndinagulitsa ng'ombe zapangolo ziwiri pamodzi ndi ngolo yake, ndalama n'kuisunga kuti ndidzagule malata pambuyo pokolola. Mwezi wotsatira kwacha inagwetsedwa, dola n'kuchoka pa K168 kufika pa K250, ndipo malata amene ndinagula sanakwane denga limene ndinawerengera. Iwe waona zomwezo ndi maso ako: mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Munda wa tsala uja sunachepe ndi phazi limodzi masiku amenewo, koma amene anali atangogulitsa wake anadzuka ali ndi ndalama yosakwana kugula zimene anaigulitsira mundawo. Choncho usanayike mtengo, pita kwa mmisiri wako akulembere simenti, matabwa, malata, mawindo ndi ntchito yake, udziwe ndalama yeniyeni yomalizira nyumbayo, ndipo ikadzalowa, zipangizozo zigulidwe sabata yomweyo. Ndalama yongokhala mu akaunti imamvanso fungo ndi achibale, maliro ndi maukwati, ndipo pakutha pa chaka sudzatha kuloza chimene inachita.

Ukawerengera choncho, mwina udzapeza kuti nyumbayo siikufuna mahekitala onse 12. Ukafunse ku ofesi ya a malo ngati angalole kudula lizi, ndi ndalama zimene saveya angafune, chifukwa zigawo za mahekitala awiri kapena atatu zili ndi ogula ambiri kuno kuposa esiteti yathunthu, ndipo mbali ya ku msewu ingathe kumaliza nyumba yako mbali ya ku chitsime n'kutsala. Pakadali pano ndalankhula ndi alimi awiri a soya amene akufuna kuchita lendi maekala angapo dzinja likubwerali. Ndalama yake ndi yochepa, koma ingathandize pa ngongole ya ku boma ija, ndipo munda wolimidwa suloweredwa, komanso umaoneka bwino kwa wogula kuposa tchire. Pangano lao lidzakhala la chaka chimodzi, lolembedwa, a nyakwawa ali mboni, kuti lisadzatimange manja wogula weniweni akapezeka.

Munthu wako uja umuyankhe mwaulemu kuti bambo akuti malowo adzaonetsedwanso mu Meyi, mapepala ndi malire zitakonzedwa, ndipo mtengo ndi womwe uja wa chaka chatha. Nambala yake uisunge. Ubwere kuno pa Pasaka ndi zimene ukapeze mu faelo komanso pepala la mmisiri, ndipo ndidzaitana alongo ako kuti tidzayende m'malire tonse tisanapite kwa a gulupu. Amayi ako akuti udzabwere ndi ana, ndiponso usadzaiwale mankhwala opaka a bondo aja.

Ndine bambo ako,
ku Kasungu.