Lipoti la msonkhano uja munandituma, wokambirana za mizinda yathu

A tcheya, akomiti ndi nonse a pa gulupu, mwaswera bwanji. Ndabwerako kuja munandituma, nde ndati ndilembe lero lomwe zisanayambe kuthawa m'mutu poti Lamulungu si tonse timakwanitsa kubwera. Ikhala yaitaliko mundipirire.

Msonkhano unali wa masiku awiri, Lachisanu ndi Loweruka, mu holo ina ku Limbe. Kunabwera nthumwi za magulu ngati lathuli kuchokera ku Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ife a konkuno nde tinalipo ambiri, a ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chirimba, Machinjiri, ineyo ndikuimira mbali ino ya Soche. Kunalinso mavenda, mkulu wina wa ma minibasi ndi bambo wina injiniya wopuma pantchito amene ndiwatchulanso kutsogoloku. Funso linali limodzi basi: mwa mizinda yathu inayi ndi uti umene munthu wamba angakhalemo bwino, kulera ana, kupeza kangachepe, osamangokhala mtima uli m'mwamba.

Anayamba kutiwerengera za kalembera wa 2018, kuti Lilongwe ili ndi anthu 989,318, Blantyre 800,264, Mzuzu 221,272, Zomba 105,013. A ku Lilongwe anawomba m'manja pompo, akuti anthu sathamangira komwe kuli koipa.

Ine nditapatsidwa maiki ndinayamba ndi zija tinagwirizana. Ndinati Kabula, Blantyre yathuyi, si mzinda wa dzulo, mishoni inayamba 1876, Mandala House inamangidwa 1882 ndipo ikadalipo, tchalitchi cha St Michael's pa HHI chinatha 1891, Blantyre ndi Limbe zinaphatikizana 1956 pomwe Lilongwe anadzakhala likulu mu 1975 kulanda kwa Zomba. Ndinati kwathu kuno malo ali ndi maina, munthu ukati Ginnery Corner, Wenela, Kamba, Chemusa, Kudya, aliyense akuwona malowo m'mutu, osati manambala. Ndinatchulanso Queens, Poly, khoti lalikulu pa Chichiri, mafakitale a ku Makata, ndi tsiku lija Maule ndi Manoma akukumana tauni yonse imagawika pawiri koma madzulo onse akwera minibasi imodzi. Anthu anasangalala ndithu, ngakhale a ku Mzuzu anagwedeza mutu kuvomereza.

Ndiye anaimirira mayi wina wa ku Area 25, wofatsa bwino, sanakweze mawu. Anati zonsezo ndi zoona, koma iwo anagona kwa mchemwali wawo ku Bangwe usiku wa Lachinayi ndipo anadzutsidwa kusanache kukaima pamzere ndi zigubu pa kiyosiki, anandifunsa ngati tchalitchi cha 1891 chija chimatulutsa madzi. Holo yonse inangoti zii. Abale ndisaname, zinandiwawa, koma paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe bodza limene mayi aja ananena. Tonse pano tikudziwa kuti mpopi ukayamba kulira usiku timadzutsana.

Apa nde pamene injiniya uja anatithandiza, chifukwa mkangano ukanangokhala wa kwathu nkwabwino kwanu nkoipa. Anajambula pa bolodi. Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera kuno, ndipo poti ife tili pamtunda amachita kuwapopa kukwera mamita pafupifupi 800. Kupopa kumeneko ndi magetsi okhaokha, nde magetsi akangovuta kapena mtsinje ukabwera ndi matope ambiri nthawi ya dzinja, mapampu amafooka ndipo oyamba kuuma ndi ife okhala m'mphepete mwa mapiri. Damu la Mudi ndi laling'ono, ndipo matope ochokera m'minda ya kumtunda kwake akulikwirira. Madzi a ku Likhubula ku Mulanje anawonjezerako koma anthu tikuchulukirachulukira. Pomwe ku Zomba madzi amangotsika okha kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Ine ndakhala mu tauni muno zaka zonsezi koma sindinamvepo wina akufotokoza momveka chonchi, ndinalakalaka mukanakhalapo nonse.

A ku Lilongwe nawo sanapulumuke. Mkulu wa ma minibasi uja, yemwe wagwirako ntchito mizinda yonse iwiri, anati misewu yatsopano ya ku Lilongwe ndi yokongola zedi, intachenji ya pa Area 18 ndi ina ija anaikuza, koma ndi ya munthu wa galimoto. Mzindawo unatambasuka kwambiri, Old Town kwina City Centre kwina, ma Area ali patalipatali moti wopanda galimoto amakwera kawiri katatu kapena kabaza kuti akafike kuntchito, ndalama ya transipoti imadya malipiro. Kuno munthu wa ku Ndirande amatsika wapansi kupita ku Makata, wa ku Mbayani amalowa m'tauni wapansi, wa ku Zingwangwa akasowa ya minibasi amadutsa pa Kudya n'kukafika. Ndipo minibasi ya Limbe Blantyre pa Chipembere Highway sudikira. A ku Lilongwe anavomera za mtundawo, komanso za fumbi la mwezi wa Okutobala, koma anabweza kuti ntchito za boma, mabungwe ndi ma ofesi ambiri zili kwawo, ndipo achinyamata athu omwe akusamukira konko. Izinso ndi zoona, pa gulupu pompano tili ndi ana athu angati ali ku Area 36 ndi Area 49?

A ku Mzuzu anati kwawo n'kozizira, kobiriwira, mlendo amapatsidwa moni mpaka atatopa, chakudya pamsika chilipo, vuto ndi ntchito zochepa ndi mtunda wopita kulikonse. A ku Zomba anati kwawo ndi kwa bata, mitengo, yunivesite, koma mnyamata amene amawayankhulira anavomera yekha kuti anzake akamaliza sukulu amakwera basi kubwera kuno. Pamenepa sipanatenge nthawi.

Pomwe panatenga nthawi, pafupifupi Loweruka lonse m'mawa, ndi pa nkhani ya nsangala, kuti kodi anthu ochezeka ali kuti. A ku Lilongwe ena amati a Blantyre ndife odzimva, timadziwona ngati ndife eni tauni, timayankhula mothamanga ndipo makondakitala athu pakamwa mpakuthwa. A ku Mzuzu amati mizinda ikuluikulu yonse iwiri munthu utha kugwa pamsewu anthu n'kumangodutsa. Ine apa ndinakana ndithu. Ndinati Blantyre anamangidwa ndi obwera, Ayao, Alomwe, Amang'anja, Asena, Angoni, Atumbuka, amwenye a ku Limbe, makolo athu anabwera kudzagwira ntchito ku njanji, ku fodya, ku nsalu, nde palibe amene angauze mnzake kuti kuno si kwanu. Pa poloti imodzi mupeza mabanja asanu a mitundu isanu, bafa imodzi, chingwe choyanikira chimodzi, mchere amapemphana, mwana akadwala usiku ndi neba amene amathamanga kukasaka galimoto. Maliro akagwa mbale imayenda khomo ndi khomo, amayi agona pa siwa, wachisilamu wachikhristu onse pamodzi. Banki m'khonde ndi chipereganyu zikuyenda chifukwa timadziwana nkhope.

Bambo wina wa ku Chirimba anakhalako ku Joni zaka zingapo anandithandiza. Anati kumeneko madzi ali m'nyumba, misewu ndi ya tala, ndalama imaoneka, koma ankagona ndi nsapato pafupi, makamaka nthawi ija ya 2015 pomwe obwera ankathamangitsidwa mpaka boma linatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Anati atatsika pa Wenela n'kumva wina akumuitana achimwene, misozi inatsika yokha. Mtsikana wina amene amakaoda katundu ku Dar es Salaam anati iye chimene amasirira kumeneko ndi mabasi aja ali ndi msewu wawowawo osalimbana ndi magalimoto ena, ena anatchula Kigali kuti Loweruka lomaliza la mwezi anthu onse amatuluka kukasesa ndi kukonza m'dera mwawo ndipo timajumbo tapulasitiki analetsa kalekale mu 2008. Wina anakumbutsa kuti ifenso tili nalo tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi, lomwe linakhazikitsidwa mu 2020, anafunsa kuti ndani muno anasesa mwezi watha, manja anakwera owerengeka.

Tsopano chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi, chifukwa ndi chimene chandisowetsa tulo. Mayi a ku Area 25 aja anabweranso, ulendo uno osati motsutsa. Anati akuvomera kuti a Blantyre timakondana, aziwona okha ku Bangwe, koma anafunsa kuti kodi chimatiyandikizitsa chonchi n'chiyani. Injiniya anayankha kuti ndi mapiri. Tazingidwa ndi Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe, malo abwino apakati anatengedwa kale ndi kumayadi ndi makampani kuyambira nthawi ya atsamunda, nde anthu wamba tinapanikizana m'mphepete, malo atatha tinayamba kukwera phiri. Kuthithikana komweko kumene kumatipangitsa kupemphana mchere ndi kudziwana maina ndi komwenso kunatiika pa njira ya madzi. Mitengo ya pa Ndirande inatha zaka za m'ma 1990, ya pa Soche tinaiwona ikutha ndi maso athu, Michiru nayo ikupita ndi makala.

Atatchula Soche anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kufotokoza za Malichi 2023, za namondwe Freddy, mvula ija yosakata masiku angapo, phokoso lija la miyala, matope kutsika ndi nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ife kukumba ndi makasu ndi manja kufunafuna anzathu thandizo lisanafike, anthu kugona m'makalasi. Mawu anandithera pakati. Simukufunika kuti ndikukumbutseni, ena a inu munataya ana, ena mpaka lero simunaike m'manda amene munawataya. Ndinangokwanitsa kunena kuti inde tsiku limenelo chikondi cha a Blantyre chinaoneka, palibe anafunsa mtundu kapena mpingo wa munthu asanamukumbe, koma ndikanakonda chikondi chimenecho chikanayamba kale, pa tsiku limene tinawona neba akukumba maziko pamwamba pa mzere wa mitengo ife n'kungoti zake zimenezo. Ndipo mukudziwa kuti ena abwereranso komweko, osati chifukwa chosamva koma lendi kumunsi kuno yakwera ndipo alibe kolowera.

Mtsogoleri wa zokambirana anafuna kuti tivote kuti mzinda wabwino ndi uti, anthu ambiri anakana, ine ndinakana nawo. Mukandifunsa ine, sindingasinthe Blantyre ndi kwina kulikonse, chiperoni chake chomwecho, zitunda zake zomwezo, ndipo pa nkhani yoyenda wapansi ndi kukhalirana bwino tinawaposa, anavomera okha. Koma pa madzi, pa zinyalala, pa fungo la mtsinje wa Mudi ukamadutsa pa mlatho, ndi pa chitetezo cha okhala m'mapiri tinagonja, ndipo sindinafune kubwera kuno kudzakunamizani kuti tinapambana. Kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inachedwetsa ana athu kutsegulira sukulu kuno ndi ku Lilongwe komwe, pamenepo palibe anaseka mnzake.

Zimene tinagwirizana n'zakuti gulu lililonse lisankhe ntchito imodzi yoti lingathe palokha osadikira wina, ndipo tidzauzane tikadzakumananso ulendo wina ku Zomba. A ku Ndirande atenga za zinyalala pamsika, a ku Mbayani za makiyosiki. Ine ndinanena kuti sindingalonjeze ndisanakufunseni, koma ndinatchula ziwiri zomwe takhala tikuzikamba kale, kutsegula ngalande zathu mvula isanayambe, ndi kubzala mitengo kumtunda kuja kunagumuka. Pa mitengo injiniya anachenjeza kuti kubzala n'kosavuta, chovuta ndi kusamala zaka zitatu zoyamba, mbuzi, moto ndi odula, nde ngati titenge imeneyi pafunika mayina a anthu oti aziyendera osati kungojambulitsa tsiku lobzala. Anatinso tibzale ya chilengedwe ndi nsungwi ndi udzu wa vetiva m'mphepete mwa zigwembe, ndipo analonjeza kubwera kudzayenda nafe phirilo ulele tikamuitana, nambala yawo ndapereka kwa alembi.

Ine maganizo anga ndi oti tiyambe ndi ngalande chifukwa nthawi yatha kale, ija ya kuseri kwa msika yadzaza mabotolo ndi matewera mpaka pamwamba, mvula yoyamba yokha madzi alowa m'nyumba za anthu. Mitengo tikonzekere ya Disembala. Koma pali nkhani yachitatu yomwe sindinaitchule kumsonkhano poti ndi ya ife tokha, ya mabanja aja abwerera kumtunda. Tisawakalipire, tikhale nawo pansi pamodzi ndi amfumu ndi mabuloko lida timve kuti akufunika chiyani kuti atsike, mwina pakati pathu pali alandilodi angawachepetsereko lendi miyezi ya dzinja yokha.

Za ndalama, transipoti ya masiku awiri ndi chakudya cha Lachisanu ndinagwiritsa ija munasonkha, Loweruka anatiphikira konko, chenji ndi malisiti ndasiya kwa amsungichuma dzulo madzulo. Mapepala amene anatigawira ndibwera nawo Lamulungu, ndi atatu okha nde tidzawerengera limodzi. A tcheya ndikupempha kuti nkhani ya ngalande ikhale yoyamba pa ajenda, ndipo pakufunika anthu awiri, mayi mmodzi bambo mmodzi, oti tipite limodzi kwa amfumu Lachitatu madzulo. Amene angakwanitse alembe pompano.