Ndichenjeze bwanji ena osaulula chinsinsi cha mnzanga?

Zikomo agogo,

Ndine mtsikana wa zaka 21 ndipo ndili chaka chachiwiri pa koleji ina muno mu Lilongwe. Nkhani ndabwera nayoyi ndi ya mesho wanga, mnzanga yemwe timagona chipinda chimodzi, koma yandisowetsa tulo.

Semesita yathayi, mnyamata wina wa chaka chachinayi yemwe ankamuthandiza masamu anamuitanira kunyumba komwe amachita lendi, ati akatenge mapepala a mayeso akale. Atangolowa, anakhoma chitseko n'kumugwiririra. Mnzangayo anabwera kutada, anakhalitsa kubafa, n'kugona osadya. Ine ndinkangoti ndi malungo. Anadzandiuza patatha masiku asanu, atayamba wandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale mayi ake.

M'mawa mwake ndinamukakamiza kuti tipite kuchipatala. Anamwino anatilandira bwino, koma anatiuza kuti mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Mapiritsi olera a pangozi nawo malire ake ndi masiku asanu. Zonsezi tinali titachedwa nazo. Agogo, ndinalira pamaso pa anamwinowo. Atsikana awiri a pakoleji, owerenga mabuku usiku ndi usana, koma za maola 72 tinali tisanamvepo. Sabata yotilandira ija anatiuza za fizi, za laibulale ndi za kavalidwe basi. Mulungu ndi wachifundo, mimba palibe, ndipo atayezetsa magazi patatha miyezi itatu anamupeza ali bwino.

Koma munthu uja si yemwe ndinkamudziwa. Amajomba m'kalasi, amadzidzimuka chitseko chikangogogodedwa. Mnyamatayo akakumana naye amamupatsa moni akumwetulira, ngati palibe chinachitika. Za kupolisi safuna n'kumva komwe. Akuti anthu adzamufunsa kuti kunyumba kwa mwamuna ankakatani. Sindimuimba mlandu, chifukwa mawu amenewo ndimawamva ndekha kuhosteli: "anazifuna yekha", "nanga anavala chiyani?" Anyamata ena amanena poyera kuti mkazi akati toto ndiye kuti akuvomera, ndipo pamakhala atsikana oseka nawo. Zimenezi zimandiwawa kuposa zonse.

Chandipangitsa kulemba ndi ichi: sabata yatha ndinamuona mnyamata uja akuperekeza kamtsikana ka chaka choyamba, m'manja muli mapepala. Mtima unangoti phwii, miyendo kuzizira.

Chichitikireni izi ndakhala ndikufunsafunsa. Ndadziwa kuti kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, kuti zipatala zina monga Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi One Stop Centre komwe adokotala, apolisi ndi alangizi amapezeka malo amodzi, komanso kuti nambala ya foni ya 5600 ya bungwe la YONECO, yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi yaulere. Ndikufuna aliyense pasukulu pathu adziwe zimenezi lisanamugwere tsoka. Ndaganiza zopempha atsogoleri a ophunzira kuti pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, oyamba pa 25 November mpaka pa 10 December, tiitane namwino ndi wapolisi adzalankhule, ndipo anyamata akhalepo, chifukwa nkhaniyi si ya atsikana okha.

Mantha anga ndi akuti aliyense amadziwa kuti timagona chipinda chimodzi, ndipo aona mmene waondera. Ndikaimirira kutsogolo, anthu sadzalumikiza okha? Iye analandidwa kale ufulu wokana, sindikufuna inenso ndimulande ufulu wosankha yekha nthawi yolankhula.

Ndithandizeni agogo. Ndimuuze kaye mnzangayu za msonkhanowu, ndipo akakana ndisiye? Ndingamulimbikitse bwanji kukaonana ndi mlangizi popanda kumukakamiza? Nanga mtsikana wa chaka choyamba uja, ndimuchenjeze ndi mawu otani osaphwanya lumbiro langa? Mawa lomweli ndikumana naye m'kantini.

Ine mdzukulu wanu,
Lilongwe