Atsogoleri aphunzire kuyamika anthu wamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mtima woyamika, umene ukuoneka kuti ukuzilala pakati pa atsogoleri athu. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Malichi 2023, anthu a ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre anafukula matope ndi makasu pofunafuna anansi awo, komatu pamisonkhano timamva kwambiri mayina a amene anabweretsa thandizo pagalimoto.

Mtsogoleri akathokoza anthu wamba pamaso pa anzawo amawapatsa mphamvu yodziperekanso mawa, ndipo iye mwini amaleka kudziona ngati zonse amachita yekha. Alangizi a zaumoyo, amene amapalasa njinga mitunda italiitali kukapereka katemera kumidzi, nawonso ayenera kumva zikomo kuchokera kwa mafumu ndi aphungu, osati panyengo ya kampeni yokha.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Blantyre