Chilengezo kwa Mamembala: Msonkhano wa za Magetsi a M'nyumba

Mamembala olemekezeka,

Komiti ikudziwitsa nonse kuti Loweruka likubwerali, kuyambira 2 koloko masana, tidzakumana pamalo athu a nthawi zonse ku Area 25 kuti tikambirane za kagwiritsidwe ntchito ka magetsi m'makomo mwathu.

Tidzayamba ndi njira zopulumutsira mayunitsi. Babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi mofanana ndi babu lakale la mawati 60, komabe zimene zimamaliza mayunitsi msanga ndi giza, kuka ndi ayironi, choncho kusita zovala za sabata yonse nthawi imodzi komanso kuzimitsa giza madzi akatentha kumathandiza kwambiri.

Nkhani yaikulu ikukhudza ife amene timakonda kukonza mawailesi ndi zipangizo zina pa nthawi yopuma. Magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, omwe ndi okwanira kupha munthu, ndipo microwave komanso TV yakale ya chimsana zimasungabe mphamvu yoopsa ngakhale zitazulidwa pasoketi. Komiti ikuona kuti zipangizo ziwirizi ndi zoyenera amisiri ophunzira okha, ngakhale tikudziwa kuti ena mwa ife sakondwera kumva zimenezi.

Mawaya a ESCOM odutsa m'madera mwathu amanyamula mavoti 11,000 kapena 33,000, ndipo magetsi otere amatha kudumphira munthu asanakhudze n'komwe waya. Tikupempha kuti pasapezeke wodula mtengo kapena woimika mlongoti wa eriyo pafupi nawo, ndipo mukaona waya wagwa pansi, letsani ana kuyandikira, kenaka dziwitsani a ESCOM.

Aliyense adzabwere ndi malisiti a mayunitsi a mwezi watha.

Komiti